Mawu a Malemu Anafufutikira pa Msika wa Thambani

Panali munthu wina m'mudzi wa kufupi ndi malire ku Thambani, mayi wophunzitsa kupulayimale, dzina lake Marcelina. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine sindikuikayika.

Bambo ake, a Sebastiao, anafika ku Mwanza ali mnyamata, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Pothawapo anatayana ndi mlongo wawo wamng'ono, Rosinha, ndipo sanamvenso za iye. Atatsala pang'ono kumwalira, Marcelina anawajambula kanema pa laputopu yake. M'kanemayo anafotokoza za kwawo, anaitana mlongo wawoyo ndi dzina la paubwana, kenako anaimba nyimbo ya Chinyungwe imene mayi awo ankawagonetsera. Kanemayo anali mu laputopu mokhamo, kwina kulikonse kunalibe.

Chaka chatha mtsikana wina wa ku Tete anapeza Marcelina pa WhatsApp, n'kumuuza kuti a Rosinha ndi agogo ake. Anali moyo, koma maso anali atafa ndipo ankadwala kwambiri. Za abale a ku Malawi anazikana.

"Andinamiza ambiri," anatero gogoyo. "Ndikamva mawu a achimwene anga ndi nyimbo ya amayi, pamenepo ndikhulupirira."

Marcelina anayatsa hotisipoti pa foni, n'kulumikiza laputopu kuti atumize kanemayo. Kutumizako kunkayamba bwinobwino, kukafika pakati intaneti n'kuduka. Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anachotsa wayifai n'kulembanso pasiwedi. Anakhala pakhonde, anakwera nayo pachulu kuseri kwa khola la mbuzi, koma ayi ndithu. Anagamula kuti laputopu yadwala.

Mlamu wake Esime atamuona akuiika m'chikwama, anati, "Alamu, musanapite nayo kulikonse, kopelani kaye kanemayo mu fulashi. Yanga nayi."

"Mafulashi anu oyenda m'mashopu a nyimbowa? Mukufuna mundiphere laputopu ndi mavairasi?"

"Ndiye dikirani achimwene anu a Gervasio abwere Loweruka, adzaione."

"Azakhali akufa uko, inu mukuti Loweruka?"

Linali tsiku la msika. Pafupi ndi siteji ya makabaza panali mwamuna wachilendo, Luckson, atayala tebulo la machaja ndi mafulashi. Pakamwa pake panali potsekemera. Laputopuyo anangoitsegula, osayesa n'komwe wayifai, n'kupukusa mutu.

"Mayi, Windozi iyi yatopa. Tiifomate, tiikemo yatsopano. Iziuluka."

"Koma zanga zili m'menemo sizichoka? Muli bambo anga, malemu."

"Aa, mayi, ine ndakonza malaputopu a mabwana ku Blantyre. Pitani mukagule zamasamba, mupeza zatheka."

Anapitadi, abale. Anasiya bambo ake pa tebulo la munthu amene sankadziwa ngakhale kwawo, n'kukasankha tomato.

Atabwerako, Luckson anamuonetsa laputopu ikuyaka mwachangu, n'kunena monyadira kuti wamuikiramo basela: mafilimu ndi nyimbo mpaka kudzaza. Marcelina anathokoza, analipira, n'kukwera kabaza mtima uli mbee.

Kunyumba anatsegula pamene pankakhala kanema uja. Panalibe. Anafufuza dzina la bambo ake, anafufuza tsiku limene anawajambula, anatsegula foda iliyonse. Munali mafilimu a karate okhaokha. Analumikiza wayifai kuti mwina afunse anzake chochita, ndipo pasanathe nthawi intaneti inadukanso monga kale. Anabwerera ku msika akuthamanga, koma tebulo lija linali litachoka, ndipo a makabaza anati munthuyo amangoyendera misika.

Loweruka Gervasio atafika, laputopu sanaikhudze. Anatenga foni.

"Achemwali, taonani apa. Foni yanu ikumathawira pa netiweki ya ku Mozambique. Ikagwira ya kutsidyako, bandulo yanu sigwira ntchito. Laputopuyi inalibe vuto."

Anadina pang'ono, n'kuikhazika foniyo pa netiweki ya kuno. Basi, intaneti inayenda osadukanso. Zimenezi aliyense wa kumalire amazidziwa, Marcelinanso ankazidziwa, koma mtima unali m'mwamba ndipo sanaziganizire.

Gervasio anapita nayo laputopuyo ku Blantyre kwa odziwa kubweza zofufutika. Anamuuza kuti kukanakhala kufomata kokha, mwina china chikanapulumuka. Koma basela uja anali atakhala pamalo pomwe panali kanemayo. Panalibenso chobweza.

Patapita masiku, mtsikana wa ku Tete uja anaimba. Mawu ankamveka bwino ngati ali m'chipinda chomwecho. Anapereka foni kwa agogo ake.

"Mwanangu," anatero a Rosinha ndi mawu otsika, "ndikudikira. Ndiikire achimwene anga ndiwamve."

Marcelina anayesa kuimba yekha nyimbo ija. Chinyungwe sankachidziwa, ndipo ankangokumbukira poyambira pokha. Anaimba pamenepo, n'kukakamira, n'kuyamba kulira. Gogoyo anamvetsera kulirako kwa kanthawi, kenako anauza mdzukulu wake, "Chotsa foniyo. Awanso ndi omwe aja."

A Rosinha anamwalira mvula isanayambe, osakhulupirira kuti mlongo wawo anafa akuwaitana. Laputopu ija ilipo ndipo imagwira wayifai bwino kwambiri, koma Marcelina saitsegulanso.

Phunziro: Kuthamanga sikufika. Intaneti ikamaduka, yambani mwaona foni ndi netiweki musanaweruze laputopu. Musalole munthu aliyense kufomata musanakopele zinthu zanu kwina, ndipo wachibale akakupatsani fulashi, landirani. Windozi imaikidwanso, koma mawu a malemu sabwereranso. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi m'magulu anu onse, pali wina amene akusunga mayi kapena bambo ake malo amodzi okha.