Nambala ya Sitolo ya Matailosi

Wamatayala anaimba nambalayo ataima tsidya lina la msewu, maso ali pakhomo la sitolo. Inalira kawiri.

"Kuno ndi kusitolo ya matailosi, tikuthandizeni?"

Anali mawu a mkazi wake. Anadula foni n'kuiponya m'thumba, kenako anagwiritsa chitsulo chochotsera matayala chimene anachikulunga m'nyuzipepala.

Panali patatha milungu itatu chithawire mkaziyo ndi ana awiri, dzanja lili m'chikhakha. Wamatayala anamufunafuna kwa akulu ake, kwa azakhali ake, ngakhale kwa mnzake wa kukwaya. Konseko ankangomuyankhira pawindo kuti sanamuone. Nambala ya m'manja ya mkaziyo inali yotseka. Koma ya kuntchito inkayankhidwa tsiku ndi tsiku, ndipo woyankha anali yemweyo, ndi kamawu kaulemu kamene kankamuwiritsa magazi. Masiku anayi anabisala pafupi ndi chipata, m'mawa ndi masana, osamuona akulowa kapena kutuluka. Nkhani inali yoonekeratu. Mkaziyo ankagona momwemo, ndipo abwana ake ndiwo ankamubisa.

Anawoloka msewu osayang'ana galimoto.

Mlonda, bambo wa imvi amene kale ankapatsana naye moni, anadzuka pampando n'kutambasula mkono.

"Pepani achimwene, anandiuza kuti inuyo musalowe."

Chitsulo chinatera pachigongono, nyuzipepala n'kung'ambika. Mkuluyo anagwada pansi atafumbata mkono. Wamatayala anamudumpha.

Mkatimo munali mbee. Masinki ndi zimbudzi zatsopano zinali pamzere, matailosi atawasanja mpaka kudenga. Anayamba ndi sinki imene inali pafupi. Inasweka pakati, zidutswa n'kumwazika mpaka kukauntala. Mayi wina amene ankasankha matailosi a kubafa anathawa n'kusiya nsapato imodzi. Wogulitsa, mwamuna wa thupi lake ndithu, anamugwira chakumbuyo kuti amupanikize manja. Wamatayala anaponya mutu m'mbuyo n'kumugunda pamphuno, ndipo munthuyo anakhala pansi magazi akuyenderera pamalaya a kampani.

"Ali kuti?"

Mwini sitolo anali mayi wamfupi wovala magalasi. Sanathawe, anatuluka kuseri kwa kauntala.

"Akazi anu sali muno, bambo."

"Ndangolankhula naye pafoni yanu yomweyi."

"Ndikunena zoona, sali muno."

Wamatayala anatulutsa foni, anaimbanso, n'kukweza mawu kuti aliyense amve. Inalira kawiri.

"Kuno ndi kusitolo ya matailosi, tikuthandizeni?"

"Mwamva?" anatero, atailoza kumaso kwa mayiyo. "Mumandiyesa chitsiru?" Kenako anaibweretsa kukamwa. "Iwe, tuluka wekha. Ndikakupeza ndine, ndithyola dzanja linalo. Ndione ngati foniyo uzidzaigwira ndi mano."

Mkaziyo sanadule foni. Ankangomveka kupuma. Wamatayala anamwetulira. Kupuma kumeneko ankakudziwa bwino, ndi mmene mkazi wake ankapumira akadzitsekera kuchipinda.

Analowetsa foniyo m'thumba la malaya osaidula. Kumapeto kwa sitolo, kuseri kwa matumba a simenti, kunali chitseko chotseka cholembedwa kuti Ofesi. Mwini sitolo anathamanga kukaima patsogolo pake. Wamatayala anamukankha ndi dzanja limodzi, mayiyo n'kukagwera pamatumba, magalasi n'kuthyoka.

Anamenya loko. Kachiwiri thabwa linang'aluka. Kachitatu chitsulo chinaterereka n'kumucheka chala, koma sanamve kanthu. Anabwerera pang'ono, anaponda chitsekocho ndi mphamvu zake zonse, ndipo chinatseguka n'kukagunda khoma.

Munali makatoni, kabati, mpando umodzi ndi tebulo lafumbi. Anagubuduza tebulolo, anang'amba makatoni, anatsegula kabati. Zenera linali ndi zitsulo zoti ngakhale mphaka sangadutse. Anaima pakati pa chipindacho akupuma mwawefuwefu, magazi a chala akudontha pansi.

Apolisi anamupeza ali chiimire choncho. Anthu a sitolo yoyandikana ndiwo anawaitana ataona mlonda ali pansi. Wamatayala anayesa kudzutsa chitsulo, koma ndodo inamupeza padzanja, ina m'mawondo. Anagwa chafufumimba. Wapolisi wina anamuponda ndi bondo pamsana, mnzake akumukokera manja kumbuyo, ndipo foni inatuluka m'thumba n'kutsetsereka pasimenti. Inali ikadali yoyaka.

Mwini sitolo anaitola, akupukuta magazi pachipumi.

"Mafoni a waya tinawachotsa chaka chatha, bambo," anatero. "Nambala yathu ili pa intaneti. Imalira kulikonse kumene wantchito ali, ngakhale kutali bwanji. Ndipo imajambula. Zonse zimene mwanenazi zasungidwa, a khoti akazimvera okha."

Wamatayala anatembenuza nkhope, tsaya lili pasimenti.

"Ndi chibwenzi chake, eti? Ali kwa mwamuna. Ndinkadziwa ine. Muuzeni kuti ndikatuluka, onse awiri..."

Pafonipo panamveka phokoso la kulandirana foni, kenako chifuwa cha munthu wachikulire. Mawu amene anatsatira sanali a mkazi wake. Wamatayala anasiya kuphiriphitha.

"Ndine mayi ako," anatero mawuwo. "Mpongozi wangayu ali kwanga kuno kuyambira tsiku lomwe unamuthyola dzanja, ndipo kuchipatala ndinamuperekeza ndine. Ukatuluka, njira ukuidziwa. Udzayambire ine."