Obby Atsuka Vaneti ya Apongozi

Obby atatsegula chivindikilo cha lediyeta ya vaneti, anabwelela m'mbuyo atagwila mphuno.

"Mayo ine! Awa ndi madzi kapena thobwa lowola?"

Vanetiyo inali ya apongozi ake, amake Temwani. Ndiyo inkanyamula mabelo awo a fodya kuchoka ku Chikomeni kupita ku Boma, chiyambile amuna awo akali moyo. Utoto unatha kalekale. Chitseko chimodzi ankachimanga ndi mphila. Koma inkayenda.

Obby anali pa chikamwini, ndipo chinali chitamufika m'khosi. Ankafuna chitengwa, atenge mkazi wake Temwani akakhale naye ku Lundazi, komwe anali ndi kashopu ka mafoni. Atapempha kwa apongozi, yankho linabwela lalifupi: tiyambe taona manja anu. Manjawo ndiye anamuchititsa manyazi. Khasu linamutulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Ng'ombe za pulawo zinamukokela m'munda mwa eni ake. Mudzi wonse unayamba kumuitana kuti aFoni.

Lelo aFoni aonetsa anthu. Anali atagula zigubu ziwili za kulanti wobiliwila, mankhwala ozizilitsa injini, ku Boma, ndipo vidiyo yosonyeza kasinthidwe kake anali ataionela mpaka kuiloweza.

Temwani anali ku chigayo. Pakhomo panali apongozi okha, atakhala kuseli kwa nkhokwe, msana kuloza kwa mkamwini, akusenda nshawa. Mwambo wake ndi womwewo: sayang'anizana, salankhulana. Mawu onse amadutsila mwa Temwani.

Obby anagwila injini. Yozizila. Anakankhila beseni pansi, nagona chagada, namasula payipi yam'munsi. Zinatuluka! Zakuda, zolemela, za zinyalala ngati masamba ovunda, zina zoyela zolendewela ngati mamina.

Kuseli kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Aona," anatelo Obby chamumtima. "Achita manyazi ndi uve wa galimoto yawo."

Anathamangila ku mjigo, nabwela ndi ndowa. Kuthila pamwamba, kutuluka pansi. Zakudabe. Ndowa ina. Anagwedeza vaneti yonse ndi phewa kuti zokakamila zisiye. Anapeza kawaya, nayamba kutokosa mkati.

Kutsokomola kunakula. Kenako kuomba m'manja, kwamphamvu, kosalekeza.

Obby ananjuta pang'ono, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu, nayankha molankhula ndi mtengo wa mango: "Yewo, zikomo. Ndi nchito yathu ife ana."

Anapitiliza mpaka madzi otuluka pansi anayela mbee, oti munthu n'kumwa. Zonyansa zija anakakhuthula m'dzenje kutali ndi mbuzi, nakwilila bwinobwino, poti vidiyo inati nyama zikanyambita zimafa. Anabwezela payipi, namanga zolimba. Kenako anathila kulanti wake pang'onopang'ono, wokongola ngati juwisi wa ana. Analiza injini chivindikilo chili chotsegula kuti mpweya utuluke, thovu likuti bwibwibwi, iye akuonjezela. Litatha thovu anatseka, nagwetsa boneti, nakwela pamwamba pake. Selefi imodzi, ziwili, chala chachikulu m'mwamba.

Apa ndi pomwe anaona chodabwitsa. Apongozi, munthu wodandaula mawondo chaka chonse, anali atadzuka. Ankathamanga ndithu, chitenje m'manja, kulowela ku khola la nkhuku. Anatulukako ndi mazila odzaza mbale. Osapuma, analowa m'chigafa cha fodya, natenga masamba ouma, nayamba kuwafikisa m'lichelo mofulumila.

Mtima wa Obby unavina. Mazila! Pakhomo pano mazila sadya munthu wamba, amadya abusa akabwela. Nanga fodyayo? Ndiye kuti amuyesa mwamuna weniweni tsopano. Iye sakoka, koma lelo akoka, ngakhale ayetsemule mpaka mawa. Anayamba kuwelenga m'mutu katundu wokakweza: matilesi, mapoto a Temwani, wailesi. Vaneti yomweyi ndiyo idzawapelekeze.

Temwani anatulukila ndi thumba la ufa pamutu. Asanatule n'komwe, amake anamukokela kuseli kwa nkhokwe. Kunamveka manong'onong'o, manja akuloza vaneti. Obby anatsika pa boneti, nasamba m'manja ndi sopo, nakhala pa mpando miyendo atapingasa.

Uyo Temwani akubwela, mbale ya mazila kudzanja ili, lichelo la fodya kudzanja linalo.

"Mazila aŵisi, Temwani?" anafunsa Obby akumwetulila. "Uwauze amama asavutike, ngakhale ongowilitsa ndidya."

Temwani anamudutsa ngati chitsa.

"Tsegulani boneti, aFoni. Ndi chivindikilo chomwe. Gwilani ndi chiguduli, chatentha."

Obby anatsegula. M'lediyeta, momwe anadzaza mpaka pakamwa, munali mbee, mopanda kanthu. Anayang'ana kumapazi. Nsapato zake zinali m'chithaphwi chobiliwila, ndipo pansi pa vaneti pankagwa mvula.

Temwani anaswa dzila loyamba, nalithila m'lediyeta, natsatiza fodya wodzaza dzanja.

"Amama akuti lediyeta iyi ndi sefa, inabooka ine ndisanabadwe. Uve mwatayawo ndi mazila ndi fodya zomwe akhala akumatila mabowo zaka zonsezi. Akuti manja anu awaona. Za chitengwa mudzafunsenso, nkhuku zikadzabweza mazila onse omwe mwakwilila m'dzenje."