Tolib Anakwirira Ngalande Chifukwa cha Galimoto

Panali munthu wina wokonza mawotchi ndi mafoni, dzina lake Tolib, m'tauni ina yaing'ono ya m'chigwa cha Fergana ku Uzbekistan. Nkhani yake ndinaimva kwa anthu awiri amene analipo, ndipo pamene mawu awo anasiyana sindinalembepo.

Chaka china madzi a m'zitsime za tauni anatsika kwambiri. Khonsolo inaletsa kuthirira mbewu ndi madzi a pampopi, ndipo inatsegulanso ngalande zakale za m'mbali mwa misewu, zobweretsa madzi kuchokera kumapiri. Inalamula kuti ngalande zikhale zosavundikira, komanso kuti mu Malichi khomo lililonse lizitulutsa munthu ndi fosholo pa tsiku la hashar, tsiku limene anthu a msewu umodzi amathandizana ntchito popanda malipiro.

Tolib anakondwa nazo. Ngalande yodutsa pageti pake ndiyo inkamwetsa mpesa wa m'bwalo lake, umene bambo ake anadzala zaka makumi anayi zapitazo. Nyengo yotentha banja lonse linkadyera ndi kupumira pansi pa mpesawo.

Zinthu zinasintha atagula galimoto. Inalibe polowera, chifukwa ngalande inali pakati pa msewu ndi geti. Tsiku lina kunadutsa mmisiri wachilendo ali ndi lole ya mapaipi.

"Achimwene, galimoto yokongola chonchi izikhalira pamsewu ngati bulu?" anatero mmisiriyo. "Ndikuikireni paipi, pamwamba simenti, madzi azidutsa pansi. Ku likulu ku Tashkent aliyense akuchita zomwezo."

Mastura, mayi wa ku khonsolo woyang'anira madzi a dera lawo, anapeza mapaipi atatsitsidwa kale pageti.

"A Tolib, madzi athuwa amabwera ndi matope a m'phiri. Fosholo idzalowa bwanji m'paipi? Ikani mlatho wa matabwa. Mu Malichi muziunyamula, tizipala, muziubwezera."

"Matabwa ndi a ngolo za abulu, achemwali."

"Chabwino. Koma ine ndanena."

Tolib anathira simenti Lamlungu, ofesi itatseka, utali wa geti lonse ndi mpanda womwe. Khonsolo inamulembera kalata yoti aichotse, iye n'kuiponya m'kabati. Chaka choyamba madzi anayenda bwinobwino. Pa hashar anangoima pa simenti yake ali chipisire manja m'matumba.

"Kwanga n'koyera kale," ankawauza anzake akupala.

Chaka chachiwiri, mu Juni, madzi anabwera ofiira ndi matope ndipo paipi inatseka. Kumtunda madzi anasefukira mumsewu, kumunsi kunauma. Kanjira kolowetsa madzi m'bwalo la Tolib kanali kumapeto kwa paipiyo, choncho bwalo loyamba kuuma linali lake, kenako makomo anayi otsatira.

Anayesa waya, anayesa chitsulo chachitali, osatheka. Anaimbira mmisiri uja, nambala sinkagwiranso. Mpopi unkatulutsa madzi maola awiri okha patsiku, ongokwanira kumwa ndi kuphika. Pofika sabata yachitatu masamba a mpesa anayamba kupsa m'mbali, mphesa zanthete n'kumayoyoka.

"Bambo a Dilnoza," anatero mkazi wake Zebo, akusesa masambawo, "galimoto yanu ija ili ndi mthunzi? Tikayale mphasa pansi pake."

Norqul, mdala woyandikana naye amene tomato wake anali atafota, anasuzumira pampanda.

"Tamva kuti kwanu n'koyera, bwana wa ku Tashkent. Ndi kwathu komwe mwayeretsa."

M'mawa mwake Tolib anavala malaya ochapa n'kupita ku khonsolo, kalata ija ili m'manja.

"Achemwali, mpesa wa bambo anga ukufa."

Mastura sanamuseke. "Chilango chilipo ndipo mudzalipira," anatero. "Koma mpesa sungadikire mapepala. Pitani khomo ndi khomo, mukapemphe hashar Loweruka. Mukapemphe nokha, musatume akazi anu."

Anapitadi. Khomo lovuta linali la Norqul. Mdalayo anamusiya ali chiimire kwa kanthawi, kenako anati, "Nyundo ndili nayo. Koma mpunga ukhale ndi nyama, osati karoti yekhayekha."

Loweruka kunabwera amuna khumi ndi mmodzi. Tolib ndiye anayamba kumenya simentiyo, ndipo nyundo inangodumpha.

"Apa pokha mmisiri wanu sananame," anatero Norqul. "Simenti ndi yabwino!"

Anaswa mpaka masana. Atazula paipi anaipeza yodzaza matope olimba ngati njerwa, pamodzi ndi mabotolo ndi nsapato ya mwana imodzi. Anapala ngalande, Mastura anatsegula chotsekera madzi kumtunda, ndipo onse anayenda pambali pa madziwo mpaka analowa m'bwalo. Nthaka ya patsinde pa mpesa inamwa kwa ola lathunthu madzi asanayambe kuima.

Zebo anayala nsalu pansi n'kubweretsa mpunga wa nyama ya nkhosa m'mbale zazikulu zitatu. Anthu anadya pa kamthunzi kamene kanatsala, akusunthira nako dzuwa likamasuntha.

Mpesawo sunabereke chaka chimenecho, ndipo nthambi ziwiri zazikulu zinauma mpaka anazidula. Koma tsinde linapirira. Mu Seputembala mpesawo unaphuka masamba atsopano, ndipo lero banja la Tolib limadyeranso pansi pake.

Phunziro: Lamulo la kwanu likakuvutani, funsani kaye chifukwa chake kwa amene amadziwa madzi ndi nthaka ya kwanuko, musanamvere mlendo amene mawa adzakhala atapita. Ndipo mukalakwa pitani msanga kwa anansi anu, chimene mukufuna kupulumutsa chisanafe. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene akumanga pafupi ndi ngalande.