Wodzatenga Madaliso

Gertrude ankapinda bulawuzi ya Madaliso pang'onopang'ono, mkono uwu, kenako uwo, n'kuyambiranso. Chikwama chinali chotsegula pabedi. Ankadziwa kuti akangomaliza kulongedza, mwana wa mchimwene wakeyo anyamuka ndi mnyamata amene anakhala pampando pafupi ndi chitseko.

Kachipindako kanali kuseri kwa nyumba ya abwana a Gertrude ku Kempton Park. Iye ndi Madaliso anathawiramo m'mwezi wa Meyi, anthu ku Thokoza atayamba kuthamangitsa alendo ochokera kumayiko ena ndi kutentha zisakasa zawo. Koma adona anali atanena mosapsatira: kachipinda n'ka wantchito mmodzi, pofika Loweruka mtsikanayo akhale atachoka. Tsikuli linali Lachisanu.

Kukoleji kumene Madaliso ankaphunzira zamagetsi, ophunzira anali atayambitsa kagulu kofunira malo anzawo osowa pogona. Kaguluko kanamupezera chipinda ku Daveyton, kwa mayi wina wampingo. Gertrude atamva anagwada n'kuthokoza Mulungu. Anathokozabe pamene wodzatenga mtsikanayo anagogoda, n'kunena kuti dzina lake ndi Bhekani. Kenako mnyamatayo anavula chipewa.

Chipsera chodula nsidze yakumanzere. Gertrude anachidziwa nthawi yomweyo.

Tsiku la chipolowe lija, iye anathamanga kuchokera kuntchito masana atamva kuti kwavuta. Anabisala kuseri kwa galimoto yakufa. Mzere wawo wonse unali utsi wokhawokha. Pakhomo pa chisakasa chawo panaima mnyamata yemweyu, chibonga m'manja, akukuwa m'Chizulu kuti, "Nyumba iyi ndatenga ine! Wina asayandikire!" Anakhoma loko wake pachitseko, anzake akumuimbira malikhweru. Gertrude anathawira kupolisi ndi zovala za m'thupi zokha. Chinamulimbitsa mtima n'choti Madaliso anali kukoleji. Mtsikanayo anatulukira kupolisiko mawa lake, ndipo chiyambire pamenepo mawu ake anali inde ndi ayi basi.

"Mama, tifulumireko pang'ono," anatero Bhekani m'Chizulu chomwecho, chipewa atachiika pabondo. "Matakisi a ku Daveyton amavuta anthu akaweruka."

Ulemu wakewo unamuopsa Gertrude kuposa chibonga chija. Anaponya maso pabwalo. Abwana anali kuntchito, adona kumashopu. Mipanda ya kuno ndi yaitali, ungakuwe mpaka mawu kutha, woyandikana nawe osasuzumira n'komwe. Foni ya Gertrude inali pawindo, pafupi ndi mutu wa mnyamatayo.

"Mayi akuDaveytonwo, mumawadziwa bwino?" anafunsa Gertrude.

"Kwambiri. Ena atatu tawapereka kale kumeneko."

Mnyamatayo anatulutsa pepala m'thumba kuti amuonetse. Linali ndi mayina a ophunzira achilendo okhaokha, a ku Malawi, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ndipo pambali pa dzina lililonse panalembedwa kumene mwini wake akugona. Dzina la Madaliso linali lachinayi. Nambala ya nyumba ino inalinso pomwepo.

Gertrude anabweza pepalalo msanga. Mtsikanayu anamutenga yekha ku Ntcheu, atalonjeza mchimwene wake kuti adzabwera ndi satifiketi. Mwanayu atatayika, akanamuuza chiyani mchimwene wakeyo?

Anamwetulira mokakamiza, maso ali pa bulawuzi, n'kuyankhula m'Chichewa ngati akunena za zovala.

"Mada, usamuyang'ane. Mnyamatayu ndi amene anatilanda nyumba, ndinamuona ndi maso angawa. Unene kuti mutu ukukupweteka, upita mawa. Ndikagwadira adona. Akakana, bola ukagone kusiteshoni ya sitima kusiyana n'kukwera takisi ndi ameneyu."

Madaliso anali chiimire pakhoma, manja kumbuyo, monga ankachitira masiku onsewa. Bhekani anawayang'ana onse awiri, kumwetulira kwake kukuchepa.

"Pali vuto, mama?"

"Palibe, mwana wanga," anatero Gertrude. "Mada, yankhula! Dwala!"

Mtsikanayo anachoka pakhoma paja. Anatenga bulawuzi m'manja mwa azakhali ake, n'kuiika m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Ndikupita naye, azakhali."

"Wapenga iwe?"

"Mnyamatayu anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa akukhalabe pakati pa anthu aja, akamva amupha. Ndasunga pakamwa miyezi iwiri. Koma kumuyang'ana kumene mukumuyang'anaku, ayi, sindingathenso."

Anakoleka chikwama paphewa.

"Tsiku lija sindinapite kukoleji. Iyeyu anandiona ndikuthawira m'nyumba, anthu a petulo akubwera kumbuyo kwanga. Pamene ankakhoma loko n'kumakuwa kuti nyumba watenga, ine ndinali pansi pa bedi."