Dongo la Galimoto ya Malemu Salvador

Georgina anamasula mfundo ya kapulana, chitenje chake chija, n'kumenyetsa kachitseko ka thanki ya mafuta patebulo la m'loja, kasitolo ka Nadira.

"Ndipatseni dongo lija amapukutira galimoto. Muliyesere apa, ndione ndi maso anga."

Nadira anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mayi ameneyu anali ataika mwamuna wake, Salvador, mwezi wathawu, ndipo maliro anali asanamuchoke pathupi: mpango wakuda, milomo yong'aluka, fumbi la malasha litamanga mizere m'khosi. Kachitsekoko anali atakagulula yekha kugalimoto ya malemuyo, ndi mpeni wa kukhitchini.

Galimotoyo tauni yonse ya Moatize inkaidziwa. Salvador anaigula migodi itangoyamba kutentha, masiku aja woyendetsa chimakina aliyense ankadya nkhuku ngakhale Lolemba. Inali yoyera mbee. Koma kuno fumbi la malasha silisiya chinthu. Linailowerera mpaka m'penti, yasanduka mawangamawanga ngati nkhanga. Sopo anayesa, n'kulephera.

Za Loweruka nazonso Nadira anali atazimva. Abale a Salvador akubwera kuchokera ku Kambulatsitsi kudzagawa za malemu, wotsogolera ndi mng'ono wake, Teófilo. Munthu amene pa matenda onse aja sanabweretse ngakhale nthochi imodzi! Ndi mmene alili anthu amenewa. Mwamuna akudwala, wochapa masanzi ndi mkazi. Akangotsinzina, abale amatuluka ngati ngumbi mvula itagwa, aliyense ndi thumba lake.

Nadira anatsitsa mitundu itatu ya dongolo. Labuluu, lofewa. Lotuwa, lapakatikati. Lofiira, lokhakhala, lomwe limazula chilichonse chomatirira.

Georgina anatenga labuluu, kulitsina, kulinunkhiza, n'kulilumako pang'ono.

"Ili ndi dongo? Kwathu ku Zóbuè dongo timakumba kudambo, ng'ombe zimalipondaponda. Inu mwalikulunga m'pepala ngati bisiketi."

"La kudambo lili ndi mchenga, mana Georgina. Lingakande penti yense. Ndipo ili likangogwa pansi, mulitaye."

"Dongo likagwa padothi litayidwe? Mwana akagwera pamiyendo ya mayi ake mumamutaya?"

Nadira anawaza madzi asopo pakachitsekoko, kuphwathalalitsa dongo labuluu ngati chitumbuwa, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono. Dongolo linada. Analipinda, kuliyendetsanso. Kenako anaveka dzanja la Georgina kathumba ka pulasitiki kuti asisite pamwamba pake, poti chala chovala pulasitiki chimamva ngakhale kamchenga kamene diso laphonya.

"Pakadali tiziphuphu," Georgina anatero. "Sindikufuna za chifundo ine. Yesani lofiiralo."

Lofiira linazula zonse, koma pounika padzuwa panaoneka timizere ngati mwakanda mphaka. Georgina analumpha ngati waponda moto.

"Chipsera ayi! Ngakhale chimodzi! Ndikufuna mwamuna akaiona galimoto imeneyi aiwale dzina la mayi ake. Aigwire, asafunenso kugwira china."

Apo Nadira anamvetsa, ndipo mtima wake unasekerera. Mayiyu si wopusa. Akufuna kuigulitsa Loweruka lisanafike. Ndani sadziwa kuti pamalire a Zóbuè ogula galimoto amagula ndi maso? Ikawala salowa n'komwe pansi kukaona ngati ikudontha. Teófilo ndi gulu lake adzafika ndi njala yawo, adzapeza pabwalo patatsala banga la oyilo. Achita bwino! Akazi amasiye onse a m'tauni muno akadakhala ndi mutu wotere, ena sakadagona pamphasa yobwereka lero.

Anatenga lotuwa, n'kugwira ntchito ngati galimotoyo ndi yake. Madzi, dongo, kupinda. Madzi, dongo, kupinda. Thukuta kamukamu. Atapukuta ndi nsalu, kachitsekoko kanali gilasi lenileni. Georgina anakanyamula, naona nkhope yake mmenemo, yotuwa, yamakwinya, maso ofiira. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'lojamo, anamwetulira.

"Ili ndiye ili. Likulungeni."

Nadira analikulunga, n'kuwonjezapo sopo wonunkhira wa mphatso, poti mayiyo anamumvetsa chisoni. Georgina anamukankhira uko.

"Za thupi langa zisiyeni. Sopo ndili naye, ndi wa galimoto."

Nadira anasuzumira pakhomo, kuona kuti palibe amene akumva, n'kuweramira patebulo.

"Tamverani, mana. Mchimwene wanga Amade ali ku Zóbuè, amadziwana ndi ogula a ku Malawi. Ndikangomuimbira, pofika Lachisanu galimoto yawoloka. Mlamu wanuyo asaione ndi fumbi lomwe."

Georgina anagwira patebulo ndi manja onse awiri.

"Ichoke? Nadira, ndakulakwirani chiyani ine? Akuluakulu agamula kuti Teófilo asankhe chimodzi, kutenga galimoto kapena kulowa chokolo. Ndipo galu ameneyo wagula kale bulangeti la anthu awiri. Ndiwonjezereni dongo lina."