Mpanda wa Chule

Padangokhala Chule ndi mlamu wake Tambala, amene ankalima dimba limodzi la mpiru. Ziwala zitagwamo, anagawana mabedi kuti aone wothana nazo msanga.

Chule anabisala pansi pa masamba, n'kumameza chiwala chimodzichimodzi.

"Alamu, mpaka liti?" anaseka Tambala. Analumphira m'bedi lake, kujompha uku, kupalasa uko, fumbi koboo!

Atatha anatukumula chifuwa. "Mukuona chiwala apa?"

Chule anayang'ana mbande zitagona mizu m'mwamba. "Ayi alamu. Mpirunso sindikuuona."

"Mawa ndidzakuthandizani kwanuko," anatero Tambala.

Chule sanadikire mawalo. Anakamweta udzu n'kumanga mpanda wolimba, nasiya kampata kokwana iye yekha. Ziwala akulimbana nazobe mpaka lero, koma ndiwo akudya.