Wolowera Chitseko cha Kuseri

Pa 14 Marichi 2019 khoti la ku Toledo linathetsa ukwati wa Royce ndi Darlene Tackett. Tsiku lomwelo Royce analongedza zovala zake m'galimoto n'kuchoka. Bernice Kuchar, yemwe nyumba yake inagundana khoma ndi ya banjali, anaonerera zonse pawindo.

Mbiri yonse ankaidziwa. Darlene anafa ziwalo za kumanzere mu 2017. Ngongole za kuchipatala zinadya bizinesi ya Royce yokhoma madenga, mpaka iye anakadzipereka kukhoti kuti kubweza kwamukanika. Khoti linagamula kuti kwa zaka zisanu, gawo lalikulu la malipiro ake lizipita kwa eni ngongole. Mu Febuluwale bamboyo anapeza ntchito yokhazikika kufakitale ya magalasi. Pasanathe mwezi, anamusiya mkazi ali panjinga ya olumala.

Bernice sanadabwe. Nayenso mwamuna wake anamuthawa kalekale, n'kumusiyira ngongole ya galimoto yomwe anathawirayo.

"Amuna ndi mtundu umodzi, aneba," anatero atapititsira Darlene mphika wa supu. "Akangonunkhiza malipiro, mapazi amawayabwa."

"Asiyeni," Darlene anayankha. "Tandipatsireni mcherewo."

Darlene anatsala ndi thandizo la boma basi: kandalama ka olumala, mankhwala, khadi logulira chakudya, ndi mayi wosamalira odwala amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Bernice ankamuyamikira mayi ameneyo. Tsiku lililonse ankapeza Darlene atavala zochapa, tsitsi lopesa, akununkhira sopo.

Mu Epulo Bernice anazindikira kuti Royce sanapite kutali. Galimoto ankaisiya kuseri kwa tchalitchi, n'kudzera kanjira ka migolo ya zinyalala m'mamawa, anthu asanatsegule makatani. Ankayang'ana uku ndi uku, kenako n'kulowa chitseko cha kuseri. Kiyi anali nayebe.

Khomalo linali lopyapyala. Bernice ankamva madzi akukhuthuka m'bafa, kugunda kwa chinthu cholemera, kenako mawu a Darlene: "Mukundipweteka. Pang'onopang'ono." Masana ake anaona zidindo za zala pamkono wofookawo.

"Kodi munthu uja amabwera muno?" anafunsa.

"Munthu uti? Ine ndilibe mwamuna, aneba. Khoti linanena."

Darlene ananena zimenezi akuyang'ana pansi. Bernice ankawadziwa maso amenewo. Anakhala nawo iye mwini zaka zambiri.

Loweruka lina anamupeza Royce m'sitolo, ngolo yodzaza ndi mkaka, nkhuku ndi buledi. Polipira anatulutsa khadi la boma. Bernice anali pambuyo pake pamzere, ndipo dzina lolembedwa pakhadipo analiwerenga bwinobwino. Linali la Darlene.

Bernice anaganizako za apolisi, koma osati nthawi yaitali. Amabwera, amafunsa mkazi pamaso pa mwamuna, amapita, ndipo wolira mawa lake ndi mkazi yemweyo. M'malo mwake, Lolemba pa 3 Juni anatenga khadi lake la boma, poti nayenso ankalandira thandizo, n'kuimba nambala ya ofesi yoona za thandizo yomwe inali pakhadipo.

Mtsikana wa kuofesiko anali waulemu. Anati dzina la woimba silifunika.

"Bamboyo amabwera kangati, mayi?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Kiyi ali naye?"

"Ali naye. Chakudya cha mnzangayo amadyanso. Khadi ndiye amayenda nalo ngati lake."

"Amagonako?"

"Kukazizira kwambiri, kapena mayiyo akadwalika, sindimumva akutuluka."

"Nanga anthu a mumsewu mwanu amawatenga ngati banja?"

"Ambiri sadziwa n'komwe. Amangoti bambo ndi mayi Tackett. Chonde muthandizeni, alibe womulankhulira."

"Zikomo, mayi. Zonse ndalemba."

Pa 19 Juni kunabwera anthu awiri a kuofesi. Anakhala m'nyumbamo mpaka masana. Kuyambira tsiku lotsatira, kanjira ka zinyalala kanakhala kopanda munthu, ndipo kuseri kwa khoma kunali zii. Bernice anagona tulo tabwino. Anapita kwa mwana wake ku Dayton kukamaliza sabata mtima uli m'malo.

Atabwerako Lolemba anaphika supu ya nyemba n'kupita nayo. Fungo la mkodzo linamuchingamira pakhomo. Darlene anali pabedi, atavala diresi yogonera yomwe anavala tsiku la alendo lija. Tsitsi linali litapotana. Patebulo panali mabotolo a mankhwala, awiri opanda kanthu.

"Mayi wosamalira uja sanabwere?"

"Amuimitsa. Zonse aimitsa, ndalama, mankhwala, khadi. Akuti ndibweze zomwe ndalandira kuyambira Marichi." Darlene anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ngongole ina, aneba. Ngati kuti tinali nazo zochepa."

"Aimitsa chifukwa chiyani? Wolakwa si inu."

"Wina watinenera kuti tikadali banja. Mlandu uli pa 9 Julayi." Anatambasula dzanja lamoyolo n'kugwira mkono wa Bernice. "Inu mumagona kuseri kwa khomali. Mukawauze kuti a Royce simunawaonepo. Inu akakukhulupirirani."

"Mukumuikira kumbuyo munthu wokuzunzani?"

"Wondizunza? Malipiro awo khoti limatenga, koma ofesi imawawerenga onse ngati alowa m'nyumba muno. Tikanakhalabe pabanja, mankhwalawa akanandilanda mu Marichi momwemo. Tinasudzulana papepala, aneba. Nanga mumati amandinyamula kukandisambitsa m'mawa uliwonse ndani?"

Bernice anaimirira pomwepo, mphika uli m'manja.